Khola la NyaManda ku Kande

Olemekezeka Wapampando wa Chipani m'dera lino; olemekezeka oimira Bwana Disii, amene mwalawirira kuchokera ku boma msewu uli woterera chonchi; olemekezeka mafumu athu, eni nthaka ino; olemekezeka abusa ndi akulu a mpingo; olemekezeka alangizi a ziweto, a Rabson Mhone; amayi amene mwatiimbira mpaka mawu kusasa; anzanga a kalabu ya alimi a ng'ombe kuno ku Kande; alamu anga a banja la a Manda; ana anga ndi adzukulu anga; amayi ndi abambo nonse: ndikuti yewu, tawonga chifukwa chobwera.

Ine ndine Tobias Ngozo, wobadwira ku Ntcheu koma wokalambira kuno. Sukulu ndinangoinunkhiza, choncho amene akukuwerengerani mawu awa ndi mwana wanga Joyce, ine nditaima pambali pake. Pakamwa ndi pake, koma mawu ndi anga. Ndinamuuza kuti alembe monga momwe ndayankhulira, asathiremo Chingerezi, ndipo asachotsemo mchere.

A kalabu atandiuza kuti ndikhale mlendo wolemekezeka, ndinawafunsa ngati mabwana atha m'boma lino. Anati sanathe, koma akufuna munthu amene anayamba kuponda ndowe ya ng'ombe kuno. Ngati ulemu wake ndi umenewo, ndaulandira ndi manja awiri.

Poyamba mundilole ndikuonetseni chuma changa. Woyamba ndi Stanley, kalaliki wamkulu pa kampani ina ku Limbe. Ali ndi tebulo lakelake, ndipo telefoni ikalira amayankha ndi iyeyo. Wachiwiri ndi Joyce yemweyu, mphunzitsi ku Mpamba. Ana amene iye wawaphunzitsa kugwira pensulo sangakwane m'bwalo lino. Wachitatu ndi Prisca, namwino ku Mzuzu, amene manja ake alandira makanda ambiri ndi kutsitsimutsa odwala. Wotsiriza ndi Obed, amene anasankha kutsala pakhomo. Iye ndiye anayenda mudzi ndi mudzi kusonkhanitsa kalabu ino, ndipo zikhatho zake zikudziwa mtengo uliwonse wa khola mukuliona apoli. Onse anayi ali pano lero. Amene palibe ndi mayi wawo, Belita NyaManda, amene anatisiya chaka chatha nthawi yokolola mpunga.

Chichokereni iye, funso limodzi lakhala likugona nane ndi kudzuka nane. Malo amene ndakhalapo zaka zonsezi si anga. Ndi a kwawo kwa mkazi wanga, ndipo apongozi anga anandibwereka pamene ndinakwatira mwana wawo. Amene anandimangirira pano wapita. Ana anga, mwa chikondi chawo, akhala akunena kuti, "Ababa, tiyeni ku Limbe, chipinda chilipo, magetsi alimo." Ndipo mwini mawu pa malo ano, mlamu wanga Zakeyo Manda, mlongo wake wa Belita, anangokhala chete, osati khalani, osati pitani. Yankho la funso limeneli lili m'khola ili, koma kuti mulimve bwino ndiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono.

Ndinafika kuno ndili mnyamata, nkhondo yaikulu isanayambe, kudzacheka mphira ku esiteti. Katundu wanga anali mphasa ndi bulangete. Belita ndinamupeza pa mtsinje akuvuula chinangwa. Ndinamupempha madzi akumwa, iye anandiyankha m'Chitonga, anzake n'kuseka, ndipo kufikira lero sindidziwa chimene ananena tsiku limenelo. Titakwatirana, alamu anga anandilandira ndi kondowole ndi usipa, m'mawa usipa, madzulo usipa. Ine, pokhala mwana wa Angoni, pakamwa panga panali ng'ombe zokhazokha. Ndinkati, "Kwathu nsomba ndi ndiwo ya ana, mwamuna amadya ng'ombe."

A Zakeyo, nthawi imeneyo ali mnyamata wa mapewa ngati chitseko, ankayankha kuti, "Alamu, ng'ombe zanuzo timangozimva zikulira m'kamwa mwanu. Tidzaziona liti zikuyenda ndi miyendo?"

Mawu amenewo ndi amene anandikweza mapiri kupita ku Mzimba. Ndinabwerako ndikukusa ng'ombe ziwiri, ndipo tsiku limene ndinalowa nazo m'mudzi muno ana anathawira m'chinangwa, amayi anatula mitsuko kuti aone bwino. Ndinamanga khola monga anamangira atate anga ndi atate awo, pakuti khola lina sindinkalidziwa. Kwathu ku Ntcheu khola ndi mpanda wa mitengo, ndipo denga lake ndi thambo. Ndowe ikaunjikana mpaka m'maondo mwini khola amanyada, chifukwa wodutsa aliyense amadziwa kuti pakhomo pano pali chuma. Kumeneko zimatheka, pakuti mvula ikafika Malichi imatsanzika, ndipo dzuwa ndi mphepo ya kumapiri zimaumitsa zonse. Koma mvula ya kuno sidziwa kutsanzika. Imagwa Malichi, imagwa Epulo, ndipo mu Meyi imabwereranso ngati mlendo woiwala chipewa.

Khola langa linasanduka dambo. Ng'ombe zinkachezera choimirira, matope atafika m'maondo, chifukwa panalibe pouma poti zigone. Ziboda zinafewa ndi kuchita zilonda, ntchentche zinapeza mudzi, linunda linagwera pambali ngati thumba lopanda kanthu. Chondizunguza mutu chinali chakuti msipu wa kuno ndi wobiriwira chaka chonse, woposa wa kwathu kutalitali, koma ng'ombe zanga munthu akanatha kuziwerenga nthiti ali kumsewu.

Pa ubatizo wa Joyce ndinati tsiku lafika loti a Manda adziwe ndiwo ya amuna. Ndinapha ng'ombe imodzi, ndinaitana mudzi wonse. Belita anaiteleka tisanapite kutchalitchi, ndipo titaweruka inali ikubwatabe. Nyama inali yakuda, yopanda mafuta, mitsempha yokhayokha, msuzi wake ngati madzi otsukira mbale. A Zakeyo anatenga nthuli, anatafuna, anatafunanso, anapumira, anatafunanso. Kenaka anaitulutsa, n'kuiyang'ana bwinobwino pa dzuwa.

Anati, "Alamu, mwasokoneza katundu. Iyi mukanapita nayo kwa akapitawo ku esiteti, akanakuikirani pa sikelo ngati mphira ya lero."

Wina kumbuyo anati, "Tipatseni chikopa, mwina ndicho chafewa."

Ndamuuza Joyce kuti apa apume kaye, chifukwa ndikudziwa kuti museka, ndipo a Zakeyo aseka koposa nonse ataphimba pakamwa. Kufikira lero iwo amati dzino lawo loyamba linatsala m'nyama yanga, ndipo ena onsewo anangotsatira mnzawo. Kuyambira tsiku limenelo nyama ya ng'ombe yochokera pakhomo panga sanailawenso.

Belita sanaseke pamaso pa alongo ake. Anthu atabalalika, akutsuka miphika, anandifunsa kuti, "A Ngozo, inu mutaima m'matope kuyambira Khirisimasi mpaka mpunga kucha, osagona pansi, thupi lanu lingakhale lotani?"

Ndinati, "Ng'ombe si munthu."

Iye anati, "Chabwino. Ndiye mundiuze chimene chikuzidya, popeza udzu ulipo."

Sanaumirire nkhaniyo. Anali munthu wodziwa kuviika nkhani ngati chinangwa, n'kudikira kuti ifewe yokha.

Patapita zaka, khola litakula pang'ono, ng'ombe ina yofula inaola chiboda mpaka kulephera kupita kubusa. Ndinanola mpeni. Belita anati, "Mphira kachiwiri? Alongo anga mano awathera. Bwerani nayo kuno." Kuseri kwa nyumba anali ndi chisakasa chake cha udzu, chimene ankayanikamo chinangwa nthawi ya mvula. Anasamutsira chinangwa pakhonde, anayala udzu wouma pansi, ndipo ng'ombe yopunduka ija inalowa m'chisakasa. Isanadye n'komwe inapinda miyendo, inagona, ndipo ndinaimva ikupuma ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Posakhalitsa inayamba kubzikula, maso ali tsinzi.

Amayi a m'mudzi anali ndi nkhani ya kumtsinje mwezi wonse. Ankati, "NyaManda anakwatiwa ndi Mngoni, tsopano akuyalira ng'ombe pogona. Mawa aifunditsa bulangete." Iye ankangowayankha kuti, "Ikafuna, ndiifunditsa lanu." Tsiku ndi tsiku ankaimwetera nsenjere, ankaipatsa masamba a nthochi, gaga wa mpunga ndi makoko a chinangwa ouma bwino, ndipo m'mawa uliwonse ankachotsa ndowe ndi kuyala udzu wina.

Mvula itatha, ng'ombe imene ndinainolera mpeni ija inali itasiya zinzake kutali. Chiboda chinapola, chikopa chinkanyezimira ngati chadzozedwa mafuta, linunda linaima, ndipo nthiti zinabisala. Zinzake za m'matope, zimene zinali ndi miyendo yonse inayi yabwino, zinkaoneka ngati ana ake. Pamenepo ndipo ndinaona ndi maso anga kuti ng'ombe yosagona sibzikula bwino, ndipo yosabzikula sinenepa, ngakhale itaima pakati pa msipu wofika m'khosi.

Chaka chimenecho Stanley anasankhidwa kupita ku sekondale, choncho ng'ombe ija tinaigulitsa kwa wopha nyama ku Chintheche. Atatha kuisenda anandiitana. Anati, "Ada, bwerani mudzaone chimene mwandigulitsa." Nyama inali yofiira bwino, ndipo m'kati mwa mnofu munali timizere toyera ta mafuta, mpeni n'kumangolowa wokha. Ophika a ku esiteti anayamba kufunsa kuti ng'ombe imeneyi yachokera kuti. Ine ndinabwerera kunyumba wopanda ngakhale nthuli imodzi, koma nkhani yokha. Belita atamva anamwetulira, n'kunena kuti, "Yathu tidzadya ana akatha sukulu."

Kuyambira pamenepo chisakasa cha chinangwa sichinakhalenso chopanda ng'ombe. Ina inaperekeza Stanley, ina inaperekeza Joyce ku sukulu ya uphunzitsi, ina inaperekeza Prisca ku sukulu ya unamwino. Choncho mukamawaona ana awa atavala bwino lero, dziwani kuti onse anakulira pansi pa denga limodzi la udzu, kuseri kwa nyumba. Sukulu zitatha panabwera maukwati, maukwati atatha panabwera matenda. Tinkangoti chaka chamawa, chaka chamawa. Chaka chamawa chinafika ndithu, koma Belita sichinamupeze. Mkazi amene ananenepetsa ng'ombe zonsezo anapita asanalawe ngakhale imodzi.

Olemekezeka nonse, chimene mayi uja anachiyamba ndi chifundo, boma lathu lachimaliza ndi nzeru, ndipo apa ndiyenera kuthokoza alangizi athu. Obed atawabweretsa pakhomo, a Mhone anazungulira chisakasa chija, anagwira mizati, anaponda pansi, n'kunena kuti, "Amama anayamba bwino, ife tingomaliza." Iwo ndiwo anatiphunzitsa kukweza denga kuti mpweya uzidutsa, pakuti kuno kukatentha ng'ombe imachita wefuwefu n'kuleka kudya. Stanley, mwa mtima wake wabwino, anafuna kutumiza malata. Alangizi anati malata akhale a nyumba ya atate, ng'ombe ifuna mthunzi wozizira wa udzu. Iwo ndiwo anatiuza kuyala miyala pansi mopendeketsa pang'ono, kuti mkodzo ndi madzi zizitsikira m'ngalande, ndowe n'kumapita kudzenje, kuchoka kudzenje n'kupita ku nthochi. Iwo ndiwo anati ng'ombe iliyonse ikhale ndi chipinda chake, chokwanira kutembenuka ndi kugona motambasuka, kuti yamphamvu isamagunde yofooka pa chakudya, pakuti nyama ya ng'ombe yokhalira kugundidwa imatuluka ndi mabala akuda. Ndipo iwo ndiwo anati khola lifulatire mphepo ya mwera.

Sanafune kuti tingokhulupirira pakamwa pawo. Chaka chatha anatenga ng'ombe ziwiri za msinkhu umodzi, ina n'kuisiya m'khola la matope, ina n'kuiika pouma, zonse zikudya chakudya chofanana. Mwezi uliwonse ankabwera pa njinga ndi lamba wawo woyezera pachifuwa. Ambiri a inu munaziona ng'ombe zimenezo, ndipo lamba uja anangovomereza zimene maso anu anali ataona kale.

Choncho kwa inu alimi anzanga, makamaka achinyamata amene mukuyamba kumene, ndikuti: musayambe ndi kugula ng'ombe, yambani ndi kumweta udzu wofolera. Chakudya chimene mupatsa ng'ombe yoima m'matope chimathera polimbana ndi kuzizira ndi zilonda, koma chimene mupatsa ng'ombe yogona pouma chimasanduka mnofu. Msodzi wa kuno sasiya ukonde wake pamvula kuti uole. Chimodzimodzinso musasiye ng'ombe yanu. Ndipo amayi anu akakuuzani kanthu ali chotsuka miphika, muzitchera khutu.

Tsopano ndibwerere ku funso langa lija. A kalabu atafuna malo omangapo khola lachitsanzo, Obed anati limangidwe pamene panali chisakasa cha mayi ake. Koma malo ali ndi eni ake. Ndinapita kwa a Zakeyo chipewa chili m'manja, ndinawapeza akusoka ukonde, ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, anayang'ana kumwamba, n'kunena kuti, "Alamu, fulumirani kunyumba, mvula ikubwera." Mawu awo anali okhawo.

Tinayamba kumanga, koma ine mtima uli theka. Mzati uliwonse umene tinkazika ndinkadzifunsa ngati ndidzauona ukukalamba. Tinafolera, tinayala miyala, tinakumba ngalande, mpaka chinatsala chinthu chimodzi chokha, modyera ng'ombe. Tinali tikupangana zokacheketsa matabwa.

M'mawa wina ndinamva nyimbo ya anthu okoka ukonde, koma ikuchokera kolakwika, ikukwera mtunda. Nditatuluka ndinaona amuna a banja la a Manda akukoka bwato pa mipukutu ya mitengo, a Zakeyo akubwera pambuyo ndi ndodo yawo. Linali bwato lawo lalikulu lija, limene anasema okha ali ndi mphamvu, limene linadyetsa banja lonse la a Manda, ndi langa lomwe, zaka zimene chinangwa chinaola m'munda.

Ndinati, "Alamu, mwasochera kodi? Nyanja mwaisiya kumbuyo."

Anati, "Sindinasochere. Ng'ombe zanuzo zizidyera muno. Matabwa anu aola ndi mvula ya kwathu kuno, koma ili linazolowera madzi."

Ndinati, "Nanga tsiku lina mukadzalifuna?"

Anakhala pa mphuno ya bwato kuti apume, pakuti mtunda uja si wa nkhalamba. Kenaka anati, "Bwato likakwera mtunda silitsikanso. Koma lifuna woliyang'anira, ndipo ine miyendo yatha. Inu mukapita ku Limbe, adzalithamangitsira chiswe ndani?"

Iwo analoza ndi ndodo kumsitu kumene tinaika Belita, n'kunena kuti, "Mlongo wanga ali apo, ndipo pambali pake malo alipo. Munkafuna ndinene chiyaninso?" Ataimirira kuti azipita anatembenuka, n'kuwonjeza kuti, "Koma nyama ija, alamu, sindinaiiwale."

Bwato limenelo ndi limene mukuliona patsogolo pa zipindazo, litadzaza nsenjere.

Stanley mwana wanga, chipinda chija usachitseke. Ndidzabwera kudzacheza, ndidzayatse magetsi ndi kuzimitsa mpaka nditakhutira. Prisca, mankhwala a miyendo uzitumizabe. Joyce, pamene ndimanena mawu awa unaika cholembera pansi, koma unachitolanso, ndipo ndakuthokoza. Ana anga, munandiitana chifukwa chondikonda, ndipo sindidzaiwala. Koma ine kwathu ndi kuno. Ndinabwera kudzacheka mphira zaka zochepa, ndipo ndapatsidwa bwato loti ndiliyang'anire.

Pomaliza ndilengeze ichi pamaso pa mafumu ndi pamaso pa mpingo. Loweruka, pa 30 Seputembala chaka chino cha 1978, banja la a Ngozo ndi banja la a Manda lidzasonkhana pakhomo pano kuvundukula chiliza cha Belita NyaManda. Ana, pemphani tchuthi kuntchito kudakali nthawi, ndipo mubwere ndi adzukulu onse. Ng'ombe yakuda ya chipumi choyera, imene ili m'chipinda choyamba, ndi yanga, ndipo imeneyo sipita kusukulu, sipita ku Chintheche. Imeneyo ndi ija tinkati tidzadya ana akatha sukulu. Gawo la Belita adzadya ndi adzukulu ake. Koma nthuli yoyamba ndidzaipereka ndi manja anga kwa a Zakeyo Manda, amene lero m'kamwa mwawo mulibe dzino ngakhale limodzi. Akadzaitafuna ndi usinini wokha n'kumeza, n'kutambasula dzanja kufuna ina, alangizi mudzapite mukauze boma kuti khola la ku Kande lakhoza.

Ndi mawu amenewa, mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikupempha alamu anga agwire chipata mbali iyo, ine ndigwire mbali ino, ndipo ndikulengeza kuti khola ili, limene a kalabu avomera kuti lizitchedwa Khola la NyaManda, latsegulidwa kuyambira lero.

Tawonga mose. Zikomo kwambiri.